Pulagi ya Pamwamba

Agogo aamuna akandibwerera m'maganizo, choyamba kufika si nkhope yawo ayi, koma fungo la oyilo wa m'difu, fungo lolemera longa la mazira owola, limene limalowa m'zikhadabo n'kukana sopo masiku atatu. Ndikangolimva ndimapezeka ndili kuseri kwa nyumba ija ku Chelstone, pansi pa mtengo wa mapeyala, m'kadzenje kamene agogo anakumba kuti azilowa pansi pa galimoto osavutika ndi jeke, utsi wa mbaula ukuchokera pakhonde, makondakitala a minibasi akukuwa chapatali kumsika, pamwamba pangapa pali mimba yakuda ya galimoto yobiriwira imene inagulidwa ine ndisanabadwe.

Dzina lawo linali Yona. Anagwira ntchito ya umakaniko wa malole ku Heavy Industrial Area mpaka kupuma, ndipo manja awo sanayerenso. Tinali a Sabata. Lachisanu dzuwa likamapendeka, sipanala iliyonse inkapukutidwa n'kubwerera m'bokosi, ndipo palibe chimene chikanawachititsa kuigwiranso mpaka dzuwa la Loweruka litalowa. Sanali munthu wa nthabwala zambiri, komanso sindikumbuka atakwezapo mawu. Akakwiya ankangopukuta manja pa chisanza nthawi yaitali.

Ine ndine Lute, mdzukulu wawo. Makolo anga ankakhala ku Woodlands, ndipo ndili ndi zaka khumi ananditumiza ku Chelstone kuti ndikathandize ambuya anga a Esnati, akazi a agogowo, amene anali atayamba kudwala. Ndinapitira kuchapa ndi kutsuka mbale, koma ndinathera pansi pa galimoto. Agogo anali atagwidwapo ndi sitiroko yaing'ono imene inafoola dzanja lawo lamanja. Kuyendetsa ankayendetsa, pang'onopang'ono, koma bawuti yolimba inkawakanika, choncho ankafuna manja ena. A ine anali pafupi.

Anandiphunzitsa zambiri, koma za difu anandiphunzitsa ngati katekisimu. Difu ndi chimphika chachitsulo chija chili pakati pa mawilo akumbuyo. M'kati mwake muli magiya ogawira mphamvu ku mawilo awiriwo, ndipo magiyawo amasambira mu oyilo wokhuthala. Chili ndi mapulagi awiri: ya pansi yotayira oyilo wakale, ndi ya pamwamba, cha pambali, yothirira watsopano. Tsiku loyamba ndinathamangira ya pansi, poti ndiyo inali pafupi ndi mphuno yanga. Agogo anandigwira dzanja.

"Iyayi, Lute. Yamba ya pamwamba. Ukalibe kuona kuti pothila patseguka, usataye vili mukati. Motoka ili na oyilo yakuda iyenda. Motoka ilibe oyilo ni khola la nkhuku."

Anandiuzanso kuti beseni saliika pansi penipeni pa pulagi. Pulagi ya pansi ya galimoto imeneyi inkaloza chakumbuyo, ndiye oyilo akamayamba kutuluka ankalumpha, choncho beseni linkayenera kukhala chikhatho chimodzi kumbuyo, n'kumalikokera kutsogolo oyiloyo akamachepa mphamvu. Pulagiyo inali ndi maginito, ndipo agogo ankafikisa tizidutswa tachitsulo tomatirirapo pakati pa zala zawo, maso ali chitsinzinire, n'kunena ngati magiya ali bwino kapena ayi. Pothira watsopano, geji inali chala changa: ndikalowetsa pabowo la pamwamba n'kukhudza oyilo pakamwa pake penipeni, ndiye kuti wakwana. Ndinkanyadira ntchito imeneyi kuposa mayeso alionse a kusukulu.

Ambuya ankaikonda galimotoyo ngakhale ankainyoza tsiku ndi tsiku. Ankaitcha mkazi mnzawo. Matenda atakula, tsiku lina tikuchokera kuchipatala, iwo atagona pampando wakumbuyo mutu uli pamiyendo panga, anaitana agogo.

"Ba Yona, mwanipeleka kulikonse na motoka iyi, ku chipatala, ku chalichi, ku malilo ya bantu. Tsiku ija ikafika, musakanipatse bantu bachilendo. Na kwathu mukanipeleke ndimwe."

Agogo sanacheuke. Anangoti, "Nizakupeleka ndine, Esnati."

Ambuya anamwalira nyengo yozizira. Kwawo kunali kumudzi wina kupitirira Chongwe, ndipo n'kumene anakaikidwa. Koma pa tsikulo agogo sanawapereke. Atate anga a Gidiyoni ndi abale awo anakonza zonse mwachangu, monga anthu a m'maofesi amachitira, n'kubweretsa galimoto yoyera ya kampani ya maliro. Anati yobiriwirayo ikhoza kufera panjira n'kutichititsa manyazi pamaso pa anthu. Agogo mutu unali utasokonezeka ndi chisoni, ndipo sanatsutse. Anawakweza m'galimoto ina, kumbuyo, ngati mlendo. Miyezi yotsatira ndinkawapeza atakhala m'galimoto yawo pansi pa mapeyala, injini ili chete, manja ali pa chiwongolero. Kamodzi kokha anandiuza chimene chinkawadya: "Nenze namulonjeza, Lute."

Chaka chitatha inafika nthawi yokaika mwala pamanda. Apa agogo anaima nji. Thupi linawadutsa, koma mwala wokhala ndi dzina la mkazi wawo anati aunyamula okha, pa galimoto yawo, kuchokera ku Lusaka mpaka pamanda. Atate anakana, anachonderera, anatchula dzanja lofookalo, anatchula msewu wa fumbi, koma sizinathandize. Dongosolo linali lakuti tinyamuke Lachisanu masana, tikafike dzuwa lisanalowe, tikasunge Sabata kumudzi, ndipo Lamlungu m'mamawa mmisiri aike mwala abale onse a ambuya atasonkhana. Atate anabwereka kalole konyamula simenti, mipando ndi zakudya, kamene kanayenera kudzera ku Chelstone kuti tiyendere limodzi.

Lachinayi ine ndi agogo tinakatenga mwalawo kwa osema. Amuna anayi anaugoneka kumbuyo, pa mabulangete, galimoto n'kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Tili pa Great East Road pobwerera, agogo anapendeketsa mutu.

"Wamvela? Difu ilila."

Kunali kulira kochepa, kochokera kumbuyo, kokula tikamathamanga. Oyilo wa m'difu anali asanasinthidwe chiyambire kudwala kwa ambuya. Agogo anali ndi mabotolo awiri a watsopano pa shelefu, amene anagula kalekale cha ku City Market. Madzulo omwewo anandituma kudontheza parafini pa pulagi ya pamwamba, chifukwa inali itachita dzimbiri. Anati m'mawa tiigogoda pang'onopang'ono ndi kuinyengerera ndi sipanala yake yeniyeni. Ikatseguka, tisintha oyilo. Ikakana, tiisiya, tipita ndi oyilo wakale yemweyo, tikuyenda ngati kamba, ndipo tikafika.

Lachisanu magetsi anazima m'bandakucha, monga zinkachitikira masiku amenewo. Agogo anazungulira ndi galimoto kawiri mpaka kumsika kuti oyilo atenthe, n'kuiimika pamwamba pa kadzenje. Kenako analowa kukhitchini kukafunditsa mabotolo aja m'madzi otentha a pa mbaula, chifukwa oyilo wa m'difu akazizira amayenda ngati uchi. Anandiuza kuti ndiyale zitsulo ndiwadikire. Ndinali m'dzenje, ndikupukuta pulagi ya pamwamba ndi chisanza, pamene ndinaona nsapato zakuda zonyezimira zitaima pambali pa wilo.

Anali atate. Anali atachokera ku ofesi, malaya oyera, foni ili m'manja, nkhope ili ndi changu chonse cha m'tauni. Atandiona pansi pa galimoto anakwiya.

"Iwe, choka uko! Mwana mukazi pansi pa motoka, bantu bazakamba chani? Ba Tate bakusandusa sipanala boyi? Fuma, nizachita neka. Tilibe ntawi."

Ndinatuluka. Anavula jekete, n'kupinda manja a malaya, n'kulowa m'dzenje langa. Munthu ameneyu anabadwa kwa makaniko, koma chibadwire anali asanasinthepo ngakhale wilo. Anayang'ana chimphika chija, anayang'ana zitsulo, n'kutola sipanala yosinthasintha kukamwa, imene agogo sankailola kufika pa difu.

"Yotayila ni iti?"

Ndinaloza ya pansi.

"Leta beseni."

Apa ndiye pamene ndimafuna kunena zoona, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza. Ndinkadziuza kuti ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, poti kwathu mwana sawongola atate ake, ndipo atate anali atandikalipirapo pamaso pa alendo chifukwa cha pakamwa panga. Ulemuwo unalipo, sindikana. Koma pansi pake panali mkwiyo. Anali atandichotsa m'dzenje langa ngati galu wolowa m'khitchini, ndipo mumtima ndinati, asiyeni, safunsa adadya phula, aone okha. Ndinkafuna agogo atuluke awapeze atalakwitsa. Za mwala uli pamwamba pathu sindinaziganize n'komwe. Ndinatenga beseni, ndinagwada, ndinaliika chikhatho chimodzi kumbuyo kwa pulagi, pamalo pake penipeni.

Pulagi ya pansi inatseguka mosavuta. Oyilo wakuda wotentha analumpha n'kugwera pakati pa beseni, osadontha pansi ngakhale dontho limodzi, fungo lija n'kudzaza bwalo lonse. Atate anaseka pang'ono, kukondwa kuti ntchito ya makaniko si yovuta monga amaikometsera. Anabwezera pulagiyo n'kupita pa ya pamwamba. Sipanala inaterereka. Anaimangitsa, anakoka ndi mphamvu, inatererekanso. Kachitatu anapondera phazi pakhoma la dzenje n'kukoka ndi thupi lonse, ndipo ndinamva chitsulo chikudya chinzake. Makona anayi a pulagiyo anali atatha, mutu wake utasalala ngati mwala wa mumtsinje.

Agogo anatuluka atanyamula poto wa madzi otentha, mabotolo ali m'kati. Anaima pakati pa bwalo. Sanafunikire kuuzidwa, fungo linali litawauza kale.

"Mwatsegula iti?"

"Ya pansi, ba Tate," anayankha atate ali m'dzenje. "Yachoka yonse. Yasala chabe iyi ya pamwamba, ivutako pang'ono."

Agogo anaika poto pansi mosamala. Anagwada movutikira n'kusuzumira. Anayang'ana pulagi yosalalayo, kenako anayang'ana beseni nthawi yaitali. Ine sanandiyang'ane. Anadzuka, anatenga chisanza, n'kuyamba kupukuta manja amene sanagwire kanthu.

Tinalimbana nayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litadutsa pamutu. Tinayesa sipanala ya mapaipi, inangochotsa timapande ta chitsulo. Agogo anagwira chizulo ndi dzanja lamanzere, atate akumenya ndi hamala, mpaka atate anadzimenya chala, magazi n'kusakanikirana ndi oyilo pa malaya oyera aja. Anandituma kukaitana a Chanda, mnansi wathu wowotcherera zitsulo. Anabwera, anasuzumira, anapukusa mutu.

"Iyi ni faivi minitsi chabe, ba shikulu. Niwotchelapo nati pamwamba, yaseguka. Koma malaiti kulibe. Dzulo yanabwela pakati pa usiku, dzana siyanabwele olo pang'ono."

Atate anayamba kutchula njira zina, liwu lawo likuchepa pa njira iliyonse. Anati tingopita choncho, Chongwe si patali. Agogo anati difu youma ipsa tisanafike pa mphambano ya ku eyapoti. Atate anati nanga oyilo sangalowere pena? Agogo anati angalowe tikasolola shafiti ya wilo, koma imeneyo ndi ntchito ya tsiku lathunthu kwa munthu wa manja awiri abwino. Atate anati a Chanda awotcherere Loweruka magetsi akabwera, ife tili kutchalitchi. Agogo anangowayang'ana, ndipo atate anazindikira okha kuti pa Sabata ngakhale mlendo sagwira ntchito pabwalo pa a Yona.

Kalole kanafika cha m'ma thu koloko n'kuima pageti. Dalaivala analiza hutala kawiri, kenako anazimitsa injini ataona nkhope zathu.

Panatsala njira imodzi: kalole kapite, ife tidikire Sabata lithe, ndipo magetsi akabwera Loweruka madzulo, tinyamuke Lamlungu m'bandakucha. Atate ndiwo anaitchula, ndipo ndikhulupirira kuti anali okonzeka kudikira nawo. Agogo anakhala pa chitsa cha pafupi ndi mapeyala, akuyang'ana dzuwa, akuyang'ana galimoto. Ndinkaona kuti mtima wawo wonse ukufuna kuvomera.

"Nikayembekeza malaiti yosabwela," anatero pomaliza, "bantu bake bazasonkana pa manda palibe mwala. Ninamunamiza kamozi. Sinizamuchitisa nsoni futi. Chosani mwala."

Atate, a Chanda, dalaivala ndi mnansi wina anautulutsa mwalawo. Galimoto yobiriwira inadzuka pang'ono kumbuyo italandidwa katundu wake. Anaugoneka m'kalole pakati pa matumba a simenti. Agogo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje cha ambuya, chofiirira chokhala ndi masamba achikasu, chimene ankavala popita ku misonkhano ya amayi, n'kuphimba nacho dzina lija. Kenako anabwezera zitsulo zonse m'bokosi, chimodzichimodzi, ngakhale nthawi inali itatha, n'kukiya galimoto yawo.

Dalaivala anawatsegulira chitseko cha kutsogolo. Agogo anachidutsa, anapita kumbuyo, anaponda pa wilo n'kuyamba kukwera ndi dzanja limodzi.

"Ba Tate, imwe! Nkalani kusogolo. Zuba iyi, na fumbi ya ku Chongwe, muzadwala."

"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane," anatero agogo, mwendo umodzi uli kale m'kati. "Ninakamba kuti nizamupeleka ndine. Motoka yakangiwa. Ine nikalipo."

Anakhala pa thumba la simenti, msana atatsamira mipando, dzanja lofooka lija lili pa chitenje. Atate anaima pansi kanthawi, chala chomangidwa chisanza chili m'mwamba. Kenako anandikankhira ine kutsogolo, iwo n'kukwera kumbuyo ndi malaya awo a oyilo ndi magazi, n'kukhala mbali ina ya mwalawo.

Ulendo wonse ndinayenda khosi litapotoka, ndikuyang'ana pa kagalasi ka kumbuyo. Unali mwezi wotentha, mvula isanagwe. Pa tala mphepo inkawakupiza malaya, ndipo titakhotera m'msewu wa fumbi, kalole kakagunda dzenje agogo ankanyamuka n'kugweranso pa simenti, koma dzanja silinachoke pa mwala. Ndinkaona munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri akugwedezeka padzuwa ngati katundu, ndipo ndinkadziwa kuti mawu anayi okha ochokera pakamwa panga akanamukhazika pa chiwongolero chake. Ndinalira mwakachetechete, dalaivala akuganiza kuti ndikulira ambuya. Tinafika dzuwa litakhudza mitengo, agogo atayera ndi fumbi mpaka m'nsidze. Lamlungu mwala unaikidwa, abale anaimba, ndipo agogo anabwerako ndi chifuwa chimene chinawavuta mwezi wathunthu.

M'kati mwa mlungu wotsatira magetsi anabwera masana. A Chanda anakoka chingwe chawo kudutsa pa mpanda, anawotcherera nati pa pulagi ija, ndipo inatseguka madzi a tiyi asanawire. Ndinafuna kuiponya kutali. Agogo anali atapeza pulagi ina m'bokosi lawo. Tinalowa m'dzenje awiri, iwo akufinya botolo, ine ndikugwira kapaipi, oyilo woyera akulowa pang'onopang'ono. Ndinalowetsa chala, ndinakhudza oyilo pakamwa pa bowo, ndipo m'malo monena kuti wakwana ndinayamba kulira.

"Agogo, nenze niziba. Ninaona ba dadi bagwila ya pansi, sininakambe. Nenze ninakalipa chifukwa bananichosa mu mugodi."

Anamanga pulagi yatsopano kaye, mpaka inalimba, asanayankhe.

"Naine nenze niziba. Beseni siyenda yeka, Lute. Gidiyoni sembe anaika pansi pa pulagi, oyilo sembe inamusamba kumenso. Inali pamalo pamene ninakupunzisa ine."

Anadziwa kuyambira Lachisanu lija, ali chogwada pambali pa dzenje. Anayenda nazo pa kalole, anasunga nazo Sabata, anandigawira nyama m'mbale yawo kumudzi, osanena kanthu. Ndikanakonda akanandimenya.

"Wenze ufuna kulanga tate wako," anapitiriza, "koma ona wamene anayenda pa fumbi. Madzi akatayika saoleka, iyi yapita. Koma ukaona muntu agwila pulagi yolakwika, kamba. Olo ni tate wako. Olo ndine. Bakakumenya, bakumenye, koma oyilo ikalibe kutayika."

Anatola pulagi yakale ija, nati yake ili chiwotcherere, anaipukuta n'kundiika m'dzanja. Sanatchulenso nkhaniyi mpaka imfa yawo, ndipo sanawauze atate.

Difu inaleka kulira, koma galimotoyo sinapitenso kutali. Agogo ankailiza Lamlungu lililonse, nthawi zina n'kufika nayo kumsika, basi. Ndikawafunsa za ulendo ankati ilibe kopita. Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi. Ndinamaliza sukulu ndili nawo ku Chelstone, ndipo anamwalira m'nyumba mwawo momwemo Lachiwiri lina m'mawa.

Tsiku lotsatira amuna a pabanja anakhala pakhonde kukonza za maliro. Ife akazi tinali chapatali, kophika. Ndikupereka madzi osamba m'manja, ndinamva mng'ono wa atate akutchula kampani ya maliro yomwe ija, galimoto yoyera yomwe ija, ndipo ena onse akuvomera ndi mitu. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu salankhula pa msonkhano wotero. Ndinaika jagi pansi. Ndinagwada pomwepo.

"Pepani, ba tate bonse. Agogo bayende na motoka yabo. Musabapatse bantu bachilendo."

Mng'ono wa atate anandiyang'ana ngati ndatukwana. Wina anafunsa kuti mwana ameneyu analeredwa ndi ndani. Ndinapitiriza: ndinati mipando yakumbuyo imagona, bokosi likwana, galimotoyo ndimaidziwa, ikafika. Kenako ndinayang'ana atate n'kunena zimene ndinazisunga zaka zisanu ndi chimodzi, pamaso pa abale awo onse, kuti tsiku la mwala ndinaona n'kukhala chete, ndipo lero sindikhala chete.

Atate anaweramitsa mutu, akusisita chala chija chimene chikhadabo chake chinamera chopindika. Kenako anadzuka, anavula jekete n'kulipachika pa mpando.

"Oyilo ya mu difu yankala zaka zingati?"

"Sikisi, ba dadi."

"Tiye."

Tinalowa m'dzenje awiri, anthu a pamaliro akutiyang'ana, amayi akuimba m'nyumba. Atate anatsegula bokosi la agogo, anasankha sipanala, anandionetsa kaye kuti ndivomereze, n'kundipatsa.

"Yamba ndiwe," anatero. "Ya pamwamba."

Lachisanu m'mawa atate anayendetsa galimoto yobiriwira pa Great East Road, pang'onopang'ono, magalimoto onyezimira a abale ali pamzere kumbuyo kwathu. Ine ndinakhala kumbuyo, dzanja lili pa bokosi. Difu sinalire. Tinawaika agogo pambali pa mwala wa ambuya dzuwa likadali pamutu, ndipo Sabata linatipeza titasamba kale.

Lero ndimakhala ku Kabwata, ndipo ndili ndi kagalimoto kanga kakale kamene oyilo wake ndimasintha ndekha, anansi akundiseka pa mpanda. Kuntchito amati ndili ndi pakamwa, ndipo sanama: ndikaona cholakwika ndimanena chisanachitike, ngakhale kwa bwana, ngakhale mawu atuluke mokhota. Ena amandida nazo. Pulagi ija ili pa makiyi anga, yolemera, yong'amba matumba a madiresi, nati ya a Chanda ikadali pomwepo. Ndikaiyandikitsa kumphuno fungo lija likadalimo pang'ono. Agogo anandikhululukira m'dzenje muja, ndipo ndinawaperekeza kwawo monga anayenera kupitira. Koma ulendo umene iwo ankaufuna unali umodzi wokha, wa Lachisanu lija, ndipo beseni ndinaika ndine.